Kuzindikira Kapangidwe ka Mamolekyu a Kaboni Pogwiritsa Ntchito IR ndi NMR: Mafunso ndi Mayankho

Zinthu zambiri zimene anthu amagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, monga mankhwala a malungo, mafuta ophikira, shuga, utoto ndi mankhwala ophera tizilombo m'munda, ndi za gulu la makemikolo limene sayansi imalitcha oganiki, kutanthauza kuti mamolekyu ake amamangidwa pa maatomu a kaboni. Popeza khalidwe la chinthu chotere limadalira m'mene maatomu ake alumikizirana, katswiri wa makemikolo sanganene kuti wachidziwa mpaka atatsimikiza kapangidwe kake, ndipo njira ziwiri zimene amazidalira kwambiri pa ntchitoyi ndi infrared spectroscopy, imene imafupikitsidwa kuti IR, ndi nuclear magnetic resonance spectroscopy, imene imafupikitsidwa kuti NMR.

Kodi kudziwa mitundu ndi chiwerengero cha maatomu a m'molekyu sikokwanira?

Sikokwanira, chifukwa fomula ya molekyu, imene ndi mndandanda wa maatomu ndi chiwerengero chawo, sinena kuti atomu iyi yagwirana ndi iti. Fomula ya C₂H₆O, mwachitsanzo, ndi ya zinthu ziwiri zosiyana kotheratu, zimene ndi ethanol, chinthu choledzeretsa cha mu mowa chimene chimawira pa madigiri 78, ndi dimethyl ether, amene pa kutentha kwa m'nyumba amakhala mpweya chifukwa amawira pa madigiri pafupifupi 24 pansi pa ziro. Mu ethanol atomu ya okosijeni ili kumapeto kwa molekyu ndipo yagwirana ndi haidrojeni, pamene mu dimethyl ether ili pakati pa makaboni awiri. Zinthu za fomula imodzi koma zosiyana kapangidwe zimatchedwa maisoma, ndipo zimachuluka msanga molekyu ikamakula, moti fomula ya C₁₀H₂₂ ili ndi maisoma 75 osiyana kalumikizidwe. Njira za IR ndi NMR zisanafike, akatswiri ankaphwanya molekyu pang'onopang'ono ndi makemikolo ena n'kumazindikira zidutswa zake, ntchito imene nthawi zina inkadya moyo wonse wa munthu. Kwinini anapatulidwa ku makungwa a mtengo wa cinchona ndi Pelletier ndi Caventou ku Paris mu 1820, koma kalumikizidwe ka maatomu ake kanatsimikizika mu 1908 ndi Paul Rabe, patadutsa zaka pafupifupi 90.

Kodi makina a IR ndi NMR amajambula chithunzi cha molekyu?

Ambiri amaganiza choncho, koma makinawa satulutsa chithunzi cha molekyu ndipo paokha satchula dzina lake. Chimene amachita ndi kuwomba chinthu choyezedwacho ndi mafunde a mphamvu zosiyanasiyana n'kulemba mafunde amene chameza ndi amene chawalola kudutsa, ndipo cholembedwacho, chimene chimaoneka ngati mzere wokhala ndi nsonga zazitali ndi zazifupi, chimatchedwa sipekitiramu. Molekyu simeza mphamvu ina iliyonse mwachisawawa, koma yokhayo yofanana ndendende ndi kusiyana kwa milingo iwiri ya mphamvu imene molekyuyo ingakhalepo, choncho malo a nsonga iliyonse amanena kanthu za m'kati mwake. IR imagwiritsa ntchito kuwala kosaoneka ndi maso kumene kumanjenjemeretsa zilumikizo za pakati pa maatomu, ndipo imaulula timagulu ta maatomu timene tili m'molekyu, pamene NMR imagwiritsa ntchito mafunde a wailesi m'kati mwa maginito amphamvu, ndipo imaulula malo amene haidrojeni ndi kaboni iliyonse yakhala ndiponso maatomu amene yayandikana nawo. Zonsezi ndi umboni chabe, ndipo kapangidwe ka molekyu kamachokera m'maganizo a munthu amene wasonkhanitsa umboniwo n'kupeza kapangidwe kamodzi kogwirizana nawo wonse.

Kodi IR imagwira ntchito bwanji?

Kuwala kwa infrared kunapezeka mu 1800 pamene William Herschel anagawa kuwala kwa dzuwa ndi galasi la mbali zitatu n'kuona kuti choyezera kutentha chikukwera pamalo opitirira mtundu wofiira, pamene maso saona kanthu, ndipo mu 1905 William Coblentz anasindikiza masipekitiramu a makemikolo ambiri amene anasonyeza kuti timagulu tofanana ta maatomu timameza kuwalaku pamalo ofanana. Chifukwa chake n'chakuti chilumikizo cha maatomu awiri sicholimba ngati ndodo, koma chimatambasuka ndi kupindika ngati sipuling'i yomangiriridwa miyala kunsonga zake ziwiri, imene imanjenjemera mofulumira ikakhala yolimba kapena miyalayo ikakhala yopepuka. Kunjenjemeraku kumayezedwa ndi chiwerengero cha mafunde okwana mu sentimita imodzi, chimene chimalembedwa cm⁻¹, ndipo makina ambiri amayeza kuyambira 4000 kutsika mpaka 400. N'chifukwa chake chilumikizo cha kaboni ndi haidrojeni, imene ndi atomu yopepuka kuposa onse, chimaonekera cha pa 3000, chilumikizo chapatatu cha makaboni awiri cha pa 2150, ndipo chapawiri cha pa 1650. Komabe kunjenjemera kumameza kuwala pokhapokha ngati kukusintha m'mene mphamvu ya magetsi yagawikira m'molekyu, ndipo n'chifukwa chake naitrojeni ndi okosijeni wa mumlengalenga, amene mamolekyu ake ndi a maatomu awiri ofanana, saoneka pa IR, pamene mpweya wa CO₂ umaoneka bwino cha pa 2350.

Kodi woyamba kumene ayambire pati powerenga sipekitiramu ya IR?

Ayambire kumanzere, pa manambala opitirira 1500, chifukwa kumeneko ndi kumene timagulu topatsa molekyu khalidwe lake, timene akatswiri amatitcha functional group, timaonekera mosavuta, ndipo akumbukire kuti pa masipekitiramu ambiri a IR nsonga zimaloza pansi popeza cholembedwacho ndi kuwala kumene kwadutsa. Kagulu ka O–H ka m'banja la alcohol kamapereka chigwa chotakata ndi chosalala pakati pa 3200 ndi 3600, ndipo kutakatako kumabwera chifukwa haidrojeni ya molekyu imodzi imakokana ndi okosijeni ya molekyu inzake mwa mphamvu zosiyanasiyana. Mu asidi wa oganiki kukokanako n'kwakukulu kwambiri, moti chigwacho chimafalikira kuyambira 3300 mpaka 2500 n'kukwirira nsonga za C–H. Kagulu ka N–H kamaonekera pakati pa 3300 ndi 3500, ndipo NH₂ amapereka nsonga ziwiri pamene NH amapereka imodzi. Nambala ya 3000 ndi malire othandiza kwambiri, popeza C–H ya kaboni yokhala ndi zilumikizo zapamodzi zokha imagwera pansi pang'ono pa malirewo, pamene C–H ya kaboni ya chilumikizo chapawiri kapena ya mkombero wa benzene imagwera pamwamba pake. Pakati pa 2300 ndi 2100 nthawi zambiri pamakhala pambalambanda, choncho nsonga yakuthwa cha pa 2250 ndi umboni wamphamvu wa kagulu ka C≡N.

N'chifukwa chiyani nsonga ya C=O imapatsidwa chidwi chachikulu chotere?

Kagulu ka kaboni ndi okosijeni zogwirana pawiri, kamene kamatchedwa carbonyl, kamapereka nsonga yakuya ndi yakuthwa pakati pa 1650 ndi 1800 imene kawirikawiri imaposa zina zonse, ndipo malo ake enieni amasintha malinga ndi maatomu oyandikana nako, kotero kuti nsonga imodziyo imathandiza kusiyanitsa mabanja angapo a makemikolo. Ketone wamba amaonekera cha pa 1715, aldehyde cha pa 1725 pamodzi ndi tinsonga tiwiri ta C–H cha pa 2720 ndi 2820, ester cha pa 1740, ndipo amide amatsikira pakati pa 1650 ndi 1690 chifukwa naitrojeni imakankhira maelekitironi ake ku kaboni n'kufewetsa chilumikizo chapawiricho. Carbonyl ikagundizana ndi mkombero wa benzene kapena chilumikizo china chapawiri, nsonga yake imatsika ndi manambala 20 mpaka 40. Asipulini amasonyeza zimenezi bwino, chifukwa molekyu yake ili ndi timagulu tiwiri ta carbonyl, ka ester koonekera cha pa 1750 ndi ka asidi koonekera cha pa 1690, pamene salicylic acid, amene asipulini amapangidwa kuchokera kwa iye, alibe nsonga ya ester. Kusaoneka kwa nsonga nakonso ndi umboni, ndipo ngati pakati pa 1650 ndi 1800 palibe nsonga yamphamvu, mabanja onse a carbonyl amachoka pa mndandanda nthawi imodzi.

Kodi IR yokha ingatsimikize kuti chinthu ndi chakuti?

Ingatero pokhapokha ngati pali sipekitiramu ya chinthu chodziwika kale yoyerekezera nayo. Chigawo cha pansi pa 1500 chimakhala ndi nsonga zambiri zothinana zochokera ku kunjenjemera kwa thupi lonse la molekyu, ndipo ngakhale n'zovuta kunena kuti nsonga iyi ndi ya chilumikizo chakuti, kaonekedwe ka chigawochi n'kosiyana pa chinthu chilichonse, n'chifukwa chake chimatchedwa chigawo cha chidindo cha chala. Mabuku a miyezo ya mankhwala, monga British Pharmacopoeia, amagwiritsa ntchito kuyerekeza kotere potsimikiza kuti ufa wolembedwa kuti ndi paracetamol ndi paracetamol weniweni. Pa makina amakono ntchitoyi ndi yachangu, popeza kaufa kochepa kamaikidwa pa kamwala ka dayamondi ka mamilimita owerengeka, kamapanikizidwa ndi chitsulo chopotokola, ndipo mphindi imodzi isanathe sipekitiramu imakhala itatuluka pa kompyuta. Koma pa chinthu chatsopano chimene palibe anachiyezapo, IR imangonena timagulu timene tilimo osanena m'mene talumikizirana. Ndiponso kufanana kwa masipekitiramu awiri sikutsimikiza kuti chinthucho n'choyera kotheratu, chifukwa chodetsa chochepa chimatha kubisala pansi pa nsonga zazikulu.

Kodi NMR imayeza chiyani kwenikweni?

Pakati pa atomu iliyonse pali phata lotchedwa nyukiliyasi, ndipo maphata ena, monga la haidrojeni wamba ndi la kaboni ya mtundu wa 13, ali ndi khalidwe lotchedwa spin limene limawachititsa kukhala timaginito tating'onoting'ono. Akaikidwa m'maginito amphamvu, maphata a haidrojeni amagawikana pa milingo iwiri ya mphamvu, wotsika ndi wokwera, ndipo mafunde a wailesi a mphamvu yoyenerera amawakweza kuchoka pa wotsika kupita pa wokwera. Isidor Rabi anayeza zimenezi koyamba mu 1938 pa mamolekyu ouluka m'chubu chopanda mpweya, kenako magulu a Felix Bloch ku Stanford ndi Edward Purcell ku Harvard anaziona m'madzi ndi m'zinthu zolimba, n'kulengeza mu 1946, ndipo awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 1952. M'maginito a mphamvu ya matesila 9.4 haidrojeni imayankha pa mafunde okwana mamiliyoni 400 pa sekondi, n'chifukwa chake makina otere amatchedwa a 400 MHz. Maphata a pa mlingo wotsika amaposa a pa mlingo wokwera ndi chiwerengero chosakwana 100 pa miliyoni iliyonse, choncho chizindikiro cha NMR n'chofooka mwachibadwa. Njira ya Richard Ernst ndi Weston Anderson ya mu 1966, yowomba maphata onse kamodzi ndi funde lalifupi n'kumabwereza kambirimbiri kuti kompyuta iphatikize zotsatira, ndi imene inachepetsa vutoli.

Kodi NMR ndi yoopsa ngati zida za nyukiliya kapena X-ray?

Ayi, chifukwa pa NMR palibe phata limene limasweka kapena kusanduka lina, ndipo palibe cheza choononga maselo chimene chimatuluka. Mafunde ake ndi a gulu limodzi ndi a wailesi ndi wailesi yakanema, mphamvu yake ndi yochepa kwambiri moti singadule chilumikizo chilichonse, ndipo chinthu choyezedwa chimatuluka m'makina chili bwinobwino kuti chigwiritsidwenso ntchito. Makina a MRI a m'zipatala amayendera mfundo yomweyi poyeza mahaidrojeni a m'madzi ndi m'mafuta a m'thupi, ndipo Paul Lauterbur ndi Peter Mansfield analandira mphoto ya Nobel mu 2003 chifukwa cha ntchito yawo pa njirayi. Ngozi yeniyeni ili pa maginito, amene sazimitsidwa usiku kapena pa tchuthi, ndipo amatha kukoka sipanala kapena botolo lachitsulo la mpweya, kufufuta makadi a kubanki ndi kusokoneza kachipangizo kothandiza kugunda kwa mtima. Waya wa maginitowa umakhala m'madzi a heliyamu ozizira madigiri 269 pansi pa ziro kuti magetsi azizungulira popanda chotchinga, ndipo heliyamuyo akawira mwadzidzidzi amatha kuthamangitsa mpweya wabwino m'chipinda chotsekeka.

Ngati mahaidrojeni onse ndi ofanana, n'chifukwa chiyani amaonekera pamalo osiyana?

Phata lililonse lazunguliridwa ndi maelekitironi amene amalitchinga pang'ono ku mphamvu ya maginito, ndipo kutchingako kumasiyana malinga ndi maatomu apafupi. Atomu yokoka maelekitironi mwamphamvu, monga okosijeni kapena klorini, imavula haidrojeni yapafupi chotchinga chake, ndipo chizindikiro chake chimasunthira ku manambala aakulu, kumanzere kwa sipekitiramu. Kusunthaku kumatchedwa chemical shift, kumayezedwa m'magawo a pa miliyoni amene amalembedwa ppm, ndipo poyambira pake ndi tetramethylsilane, amene mahaidrojeni ake 12 ndi ofanana ndipo anapatsidwa nambala ya ziro. Mphamvu ya klorini imaoneka bwino pa mndandanda uwu: CH₄ ali cha pa 0.2, CH₃Cl pa 3.05, CH₂Cl₂ pa 5.30 ndipo CHCl₃ pa 7.26. Mwachidule, CH₃ wakutali ndi atomu yokoka amakhala cha pa 0.9, haidrojeni ya kaboni yogundizana ndi carbonyl pakati pa 2.0 ndi 2.5, ya kaboni yogwirana ndi okosijeni pakati pa 3.3 ndi 4.5, ya chilumikizo chapawiri pakati pa 4.5 ndi 6.5, ya aldehyde pakati pa 9 ndi 10, ndipo ya asidi pakati pa 10 ndi 13. Mahaidrojeni a mkombero wa benzene amakhala pakati pa 6.5 ndi 8 pa chifukwa china, chakuti maelekitironi ozungulira mkomberowo amapanga timaginito tawo timene timawonjezera mphamvu m'mphepete mwake.

Kodi kukula kwa chizindikiro ndi kugawikana kwake kumanena chiyani?

Mu 1951 Arnold, Dharmatti ndi Packard a ku Stanford anayeza ethanol n'kupeza zizindikiro zitatu zokula mosiyana pa mlingo wa 3 kwa 2 kwa 1, zimene zinagwirizana ndi CH₃, CH₂ ndi OH, ndipo kuyambira pamenepo zinadziwika kuti kukula kwa malo apansi pa chizindikiro kumatsata chiwerengero cha mahaidrojeni ochipanga. Chofunika ndi malo onse apansi pake osati kutalika kwa nsonga, ndipo makina amangopereka mlingo wa zizindikirozo poyerekezana, moti 3 kwa 2 akhozanso kukhala 6 kwa 4 mpaka fomula itaweruza. Pa makina abwino chizindikiro chimagawikananso m'timizere chifukwa phata lililonse limamva timaginito ta mahaidrojeni a pa kaboni yoyandikana nayo, ndipo lamulo lake ndi lakuti oyandikana nawo ofanana okwana n amagawa chizindikiro m'timizere n + 1. Choncho CH₃ wa ethanol amatuluka timizere titatu, totchedwa triplet, chifukwa cha mahaidrojeni awiri a CH₂, ndipo CH₂ amatuluka timizere tinayi, totchedwa quartet, chifukwa cha atatu a CH₃. Cholakwika chofala ndi kuganiza kuti timizereto tikuwerenga mahaidrojeni a pa kaboni yomweyo, pamene tikuwerenga a pa kaboni yapafupi, komanso mahaidrojeni ofanana sagawana okhaokha, moti onse 6 a acetone amapereka kamzere kamodzi, kotchedwa singlet, pa 2.17. Mpata wa pakati pa timizere, wotchedwa J, umayezedwa mu Hz ndipo susintha ndi mphamvu ya maginito, ndipo pa chilumikizo chapawiri umakhala 12 mpaka 18 mahaidrojeni akakhala mbali zosiyana, koma 6 mpaka 12 akakhala mbali imodzi.

N'chifukwa chiyani chinthu choyezedwa chimasungunulidwa m'madzi apadera, ndipo bwanji OH amasowasowa?

Mamiligalamu owerengeka a chinthucho amasungunulidwa m'madzi opitirira pang'ono theka la mililita n'kuthiridwa m'kachubu kagalasi ka mamilimita 5 m'mimba mwake, ndipo popeza mamolekyu a chosungunulira amachuluka kwambiri kuposa a chinthucho, mahaidrojeni ake akanakwirira sipekitiramu yonse. N'chifukwa chake amagwiritsa ntchito zosungunulira zimene haidrojeni yake yalowedwa m'malo ndi deuterium, haidrojeni yolemera imene imayankha pa mafunde ena akutali, ndipo chofala kwambiri ndi CDCl₃, chimene chimasiyabe kansonga kakang'ono pa 7.26 kamene wophunzira sayenera kukawerengera pa molekyu yake. Mahaidrojeni a OH ndi NH amavuta chifukwa amadumpha kuchoka pa molekyu imodzi kupita pa ina mofulumira, kotero malo awo amasintha ndi kutentha, chosungunulira ndi kuchuluka kwa chinthucho, chizindikiro chawo chimakonda kukhala chofutukuka, ndipo nthawi zambiri sichigawikana m'timizere. Njira yowazindikira ndi yapafupi: dontho la madzi olemera, D₂O, limathiridwa m'kachubu, kachubuko kamagwedezedwa, ndipo poyezanso chizindikiro cha OH kapena NH chimakhala chitazimirira pamene za C–H zili pomwepo.

Kodi NMR ya kaboni ndi ya mbali ziwiri zimawonjezera chiyani?

Kaboni wamba, ya mtundu wa 12, ilibe spin ndipo siyankha konse, choncho makina amadalira kaboni ya mtundu wa 13, imene ndi pafupifupi 1.1 pa 100 ya kaboni yonse, n'chifukwa chake kuyezaku kumatenga nthawi yaitali. Phindu lake n'lakuti zizindikiro zimamwazika pa mtunda wautali, kuyambira ziro mpaka kupitirira 200 ppm, ndipo kaboni iliyonse yosiyana ndi zinzake imapereka kamzere kamodzi, ya ketone ndi aldehyde pakati pa 190 ndi 220, ya asidi ndi ester pakati pa 160 ndi 185, ya benzene pakati pa 110 ndi 160, ndipo yogwirana ndi okosijeni pamodzi pakati pa 50 ndi 90. Kutalika kwa timizereti sikutsata chiwerengero cha makaboni pa kayezedwe ka masiku onse, koma chiwerengero cha timizere chimaulula kufanana kwa mbali za molekyu, moti maisoma atatu a xylene, onse a makaboni 8, amapereka timizere 4, 5 ndi 3 malinga ndi pamene timagulu tiwiri ta CH₃ takhala pa mkombero. Pa mamolekyu aakulu, pamene zizindikiro zimasanjikizana, amagwiritsa ntchito NMR ya mbali ziwiri, imene Jean Jeener anaiganizira mu 1971 ndipo gulu la Ernst linaikhazikitsa. Mwa njira za mbali ziwirizi, COSY imasonyeza mahaidrojeni oyandikana, HSQC imalumikiza haidrojeni iliyonse ndi kaboni imene yakhalapo, ndipo HMBC imafika pa kaboni yotalikirana ndi zilumikizo ziwiri kapena zitatu, motero imagwirizanitsa zidutswa zolekanitsidwa ndi okosijeni kapena kaboni yopanda haidrojeni.

Kodi umboni wonsewu umaphatikizidwa bwanji pa chinthu chimodzi?

Chitsanzo chabwino ndi madzi osadziwika amene fomula yake, yopezeka ndi makina oyeza kulemera kwa mamolekyu, ndi C₄H₈O₂. Molekyu ya makaboni 4 yopanda mkombero kapena chilumikizo chapawiri imanyamula mahaidrojeni 10, ndipo popeza pano alipo 8, kupelewera kwa awiriwo kukusonyeza chilumikizo chapawiri chimodzi kapena mkombero umodzi. IR ikupereka nsonga yakuya cha pa 1740 ndi ina yamphamvu cha pa 1240, koma pamwamba pa 3000 palibe chigwa chotakata, choncho butanoic acid, amene ali ndi fomula yomweyi, wachoka pa mndandanda, ndipo chinthucho chikuoneka kuti ndi ester. Apa IR yafika pamalire ake, chifukwa ethyl acetate ndi methyl propanoate onse ndi ma ester a fomula imeneyi.

NMR ya haidrojeni ikupereka quartet ya mahaidrojeni 2 pa 4.12, singlet ya mahaidrojeni 3 pa 2.05 ndi triplet ya mahaidrojeni 3 pa 1.26. Quartet ndi triplet pamodzi ndi umboni wa kagulu ka CH₃CH₂, ndipo singlet ndi CH₃ wopanda haidrojeni yoyandikana naye, koma zidutswa ziwirizi zimapezeka m'ma ester onse awiri aja, kotero kagawikidwe kokha sikangaweruze. Choweruza ndi malo a zizindikiro: CH₂ ali pa 4.12, kusonyeza kuti wagwirana ndi okosijeni, ndipo CH₃ wayekhayo ali pa 2.05, kusonyeza kuti wagundizana ndi carbonyl, ndiye kuti chinthucho ndi ethyl acetate. Akanakhala methyl propanoate, singlet ikanakhala cha pa 3.7 ndipo quartet cha pa 2.3. NMR ya kaboni ikutsimikizira ndi timizere tinayi cha pa 171, 60, 21 ndi 14.

Kodi pali zimene njira ziwirizi sizingathe kuona?

Zilipo, ndipo yoyamba ndi kusiyana kwa mamolekyu awiri amene ina ndi chithunzi cha pagalasi cha inzake, otchedwa enantiomer, chifukwa masipekitiramu awo a IR ndi NMR m'zosungunulira wamba amafanana ndendende ngakhale thupi la munthu limawalandira mosiyana, monga zilili ndi ibuprofen, amene mtundu wake wa S ndi umene umaletsa ululu mwachindunji. Powasiyanitsa pamafunika kuyeza m'mene amapotozera kuwala, kapena kuwalumikiza ndi molekyu ina imene ili enantiomer imodzi yokha monga m'njira ya Harry Mosher. Chachiwiri, mbali za molekyu zopanda haidrojeni ndi kaboni sizioneka mwachindunji pa NMR ya haidrojeni kapena ya kaboni. Artemisinin, amene gulu la Tu Youyou linamupatula ku chomera cha Artemisia annua ku China kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndiponso amene artemether wa m'mankhwala a malungo a LA amachokera kwa iye, ali ndi fomula ya C₁₅H₂₂O₅, ndipo mphamvu yake ili pa maokosijeni awiri ogwirana okhaokha, amene alibe chizindikiro chawochawo pa NMR ya haidrojeni kapena ya kaboni ndipo amaoneka mofooka pa IR. Kapangidwe kake kanatsimikizika ndi njira yowomba makristalo ake ndi X-ray. Chachitatu, zinthu zosakanikirana zimapereka zizindikiro zawo zonse pamodzi, choncho kuyeretsa chinthu kumayenera kutsogola.

Popeza NMR imanena zambiri, kodi IR ikufunikabe?

Ikufunikabe, chifukwa njira ziwirizi zimayankha mafunso osiyana ndipo ina imaona pamene inzake yaphonya. Carbonyl ya ketone ndi kagulu ka C≡N zilibe haidrojeni, kotero sizioneka mwachindunji pa NMR ya haidrojeni, koma pa IR zimaoneka poyera, ndipo OH amene amasowasowa pa NMR amapereka chigwa chosakayikitsa pa IR. Komanso makina a IR ndi otsika mtengo, amakwana patebulo, ena ndi onyamulika m'manja, ndipo amayeza ufa, pulasitiki, utoto ndi nsalu popanda kuzisungunula, pamene makina aakulu a NMR amafuna heliyamu ndi naitrojeni wamadzi wothiridwa nthawi ndi nthawi, chipinda chawochawo ndi katswiri wowasamalira. Pa labotale yoyeza ngati mankhwala kapena zipangizo zolowa m'fakitale zili zenizeni, IR imagwira ntchito yaikulu ya tsiku ndi tsiku, ndipo NMR imafunika kwambiri pamene chinthucho n'chatsopano kapena pamene maisoma ayenera kusiyanitsidwa.

Kodi akatswiri amalakwitsa kapangidwe ka molekyu, ndipo wophunzira angapewe bwanji?

Amalakwitsa ndithu, ndipo mu 2005 K. C. Nicolaou ndi Scott Snyder anasonyeza kuti pakati pa 1990 ndi 2004 mamolekyu a zachilengedwe opitirira 300 anakonzedwanso kapangidwe kawo atasindikizidwa kale, ena mwa iwo pamene wina anapanga molekyu yolembedwayo m'labotale n'kupeza kuti sipekitiramu yake sikufanana ndi ya chinthu chenichenicho. Gwero la zolakwa zambiri ndi kukonda yankho loyamba, kumene kumachititsa munthu kuwerenga nsonga zogwirizana ndi ganizo lake n'kutcha zotsalazo zodetsa. Njira yodalirika ndi kuyamba ndi fomula ndi kupelewera kwa mahaidrojeni, kulemba timagulu toonekera pa IR, kulemba zidutswa zoonekera pa NMR, kenako kujambula maisoma onse amene zidutswazo zingapange, osati imodzi yokha. Pambuyo pake isoma iliyonse iyenera kuloseredwa sipekitiramu yake n'kuiyerekeza ndi yeniyeniyo, ndipo kapangidwe kamalandiridwa pokhapokha ngati chizindikiro chilichonse chapeza atomu yake, atomu iliyonse yapeza chizindikiro chake, ndipo maisoma ena onse atsutsidwa ndi umboni wotchulika. Kusamala kotereku n'kofunika chifukwa pa kapangidwe kolembedwa papepala ndi pamene ena amadzayambira popanga mankhwala, poyeza kuopsa kwa chinthu ndi poweruza ngati mapiritsi ali enieni, ndipo cholakwika chimene chaloledwa pa chiyambi chimalowa m'ntchito zonse zotsatira.